Nkhope ya Jeri Chiphaliwali

A Gerevazio, mkamwini wofatsa wa kufupi ndi Kasina amene ankatsogolera kwaya kutchalitchi, anali atajambulitsa mobisa nyimbo zovinira ku Lilongwe, ndipo mwini makaseti anawauza mosapsatira mawu kuti palibe amene angagwedeze chiuno poona nkhope ya Aleluya pachikuto. N'chifukwa chake m'mawa wina wachisanu anatulukira mu situdiyo yojambulira zithunzi ya a Zefaniya pa Linthipe, gitala ili m'thumba la feteleza, poti apongozi awo aakazi a Jestina, mkulu wa amayi a Lejiyo kutchalitchi ndiponso mwini munda ndi nyumba imene iwo ankagonamo, anali atanena kale kuti mkamwini woimbira zidakwa adzapinda mphasa yake tsiku lomwelo.

"Ndikufuna chithunzi," anatero a Gerevazio chapansipansi, atatseka chitseko.

"Mwafika. Cha chiphaso kapena chopachika kukhoma?"

"Cha pakaseti. Koma mumvetse bwino, a Zefaniya. Ndikufuna chithunzi changa choti munthu akachiona asadziwe kuti ndine."

A Zefaniya anali munthu woti ukamuuza kuti dikira pano, mawa lake umamupeza ali pomwepo. Anaika pansi kansalu kopukutira kamera n'kuganiza mofatsa.

"Ndiye tijambule munthu wina. A telala ali pakhondepa, alibe chochita."

"Ayi, ndikhale ine."

"Koma anthu asadziwe kuti ndinu."

"Eya."

"Nanga ngati sadziwa kuti ndinu, inuyo mukuvutikiranji kukhalapo? Kunja kukuzizira, mukanangotumiza uthenga."

"Kaseti ndi yanga, akulu. Tsiku lina zinthu zikadzayenda ndidzaloze n'kunena kuti uyu ndine."

"Adzakukhulupirirani?"

"Zimenezo nzanga. Ndipo pakasetipo sindine Gerevazio. Ndine Jeri Chiphaliwali."

"Ha, munabatizidwanso?"

"Ndi dzina la ntchito."

"Bambo mfumu akudziwa?"

"Asadziwe. Apongozi asadziwe. Mayi a kunyumba, a Anjelina, akudziwa theka lokha. Inunso mukatha kujambula muiwale."

"Kuiwala sindikulonjeza," anatero a Zefaniya. "Ine ndikaona nkhope, ndaiona."

A Gerevazio anapisa m'thumba n'kutulutsa magalasi akuda ogula pamsika. Anawavala, n'kuima kutsogolo kwa nsalu ya kukhoma imene panajambulidwa nyumba zosanja ndi ndege yopindika phiko limodzi. Anagwira m'chiuno monga anaonera oimba a ku Joni pa zikuto za malekodi.

"Nanga pamenepa mukuona ndani?"

A Zefaniya anasuzumira mu kamera nthawi yaitali.

"Ndikuona a Gerevazio akudwala maso."

"Onetsetsani."

"Ndaonetsetsa. Pepani, anayamba liti?"

A Gerevazio anapisanso m'thumba muja n'kutulutsa wigi yaikulu ngati chisa cha nkhuku, n'kuiveka kumutu. Tsitsi linagwera mpaka m'mapewa.

"Iyayi, iyayi," anatero a Zefaniya akubwerera m'mbuyo. "Limenelo lapyola kolala. Lamulo loletsa tsitsi lalitali mukulidziwa."

"Si langa tsitsili. N'lovala."

"Anyamata a chipani akabwera ndi lumo safunsa mwini wake."

"Ameta chithunzi?"

"Chithunzi ayi. Koma kumbuyo kwa chithunzi chilichonse ndimadinda dzina langa. Akasowa wometa, abwera kudzameta ine, ndipo onani mutu wangawu, palibe choti amete. Ndiye ayamba makutu."

"Musadinde."

"Chithunzi chosadinda si chithunzi. Ndi pepala."

Wigi inabwerera m'thumba. A Gerevazio anaganiza pang'ono, kenaka anaweramitsa mutu mpaka chibwano chinagunda pachifuwa, gitala ataikumbatira.

"Jambulani chonchi. Woimba ali m'maganizo. Nkhope sikuoneka."

"Eee, pamenepo ndiye apongozi anu akudziwani ali kutsidya kwa mtsinje."

"Adziwa bwanji nkhope isakuoneka?"

"Nanga iwo amaona nkhope? Mukakumana nawo m'njira mumapatukira kutchire, n'kunjuta, mutu pansi. Chikwatirireni inu, chimene amaona ndi kadazi kameneko. Amakadziwa ngati lichero lawo."

A Gerevazio anadzutsa mutu msangamsanga n'kuphimba kadaziko ndi chikhatho. Munthu wina akanasiyira pomwepo n'kubwerera kukapalira mbatata, koma iwo anali ndi liuma la anthu ofatsa, lija limaphika pansipansi ngati moto wa mankhusu. Anatulutsa chipewa chotambalala, anachivala, n'kutembenuka kuyang'ana kukhoma, gitala ataikoleka kumsana.

"Chabwino. Jambulani kumbuyo. Munthu akulowa mumzinda, dziko lakale walifulatira."

"Msana?"

"Msana."

"A Gerevazio, pathupi panu ponse palibe malo otchuka ngati msana. Lamulungu lililonse mumaima kutsogolo kuyang'ana kwaya, ife tchalitchi chonse timapemphera tikuyang'ana msana umenewu."

"Msana ndi msana. Misana imafanana."

"Wanu ayi. Phewa lamanja limakwera nyimbo ikamakwera. Onani, lakwera kale."

"Ndalitsitsa."

"Tsopano lakwera lamanzere, monga mumachitira pa nyimbo za maliro."

"Ndiye ndijambuleni miyendo yokha."

"Matewe amenewo? Ndi amene amatsogolera ulendo wa Lamulungu la Kanjedza."

A Gerevazio anakhala pa mpando wojambulirapo, chipewa chili pamaondo. Anali ndi chisoni, ndipo chisonicho chinali chenicheni. Nyimbo zija anazipeka okha m'mizere ya mbatata, akuimba chamumtima kuti apongozi asamve kumunda kwawo, ndipo usiku wina ku Lilongwe anaona ndi maso awo anthu osawadziwa akudzuka pamipando kuti avine. Kuyambira tsiku limenelo sankafunanso kufa ali munthu wongogwedeza manja kutsogolo kwa kwaya. Koma munda, nyumba ndi ana zinali kwa eni mudzi, ndipo kwawo kumene anabadwira kunalibe ngakhale kachigunda koti n'kudzalapo mpiru. Ali m'maganizo choncho, chinthu china chinawalasa mumtima.

"Mayo ine," ananong'ona. "Ndavutika ndi nkhope chabe. Nanga mawu? Kaseti ikangolira pagolosale, aliyense adziwa mawu anga."

"Aa, pa mawu musade nkhawa," anatero a Zefaniya mokoma mtima. "Palibe amawadziwa."

"Mukuti bwanji?"

"Kodi mumaimba? Ife timaona ngati ntchito yanu ndi manja. Amene timawamva ndi mayi Agnesi ndi anzawo a mawu okwera aja."

"Nyimbo iliyonse ndimayambitsa ndine."

"Oo, kaphokoso kaja kamamveka amayi asanayambe? Ndinu? Ife kumbuyo timayesa wina akukonza kukhosi."

"Kukonza kukhosi."

"Eya. Tsiku lina mpaka tinakambirana zoti tikupezereni mandimu."

A Gerevazio anaimirira pang'onopang'ono. Chipewa chinagwa pansi, iwo osachitola.

"Ndipo musadandaule za apongozi," anapitiriza a Zefaniya, poganiza kuti akutonthoza munthu. "Pamaliro a kwa a Rafaelo ndinawamva ndi makutu angawa akukutamandani. Amati mkamwini ngati wawo kulibe, chifukwa chibwerere pamudzi paja mawu ake sanawamvepo, ngakhale nkhuku sizimuthawa."

Apa ndiye moto wa mankhusu uja unatulukira pamwamba. A Gerevazio anavula magalasi n'kuwaponya kukhoma, anagwira gitala pakhosi n'kuikweza m'mwamba ngati nkhwangwa. Maso anali psuu, mitsempha ya m'khosi itaima, pakamwa pali yasa mpaka mano a kumbuyo kuonekera.

"Nkhuku sizindithawa? Ine? Ndalima munda wa eni mpaka manja kuchita zikang'a, ndafolera nyumba za mudzi wonse, ndaimba Misa ndi malungo m'thupi, ndiye muziti ndikukonza kukhosi? Ku Lilongwe anthu anathyola mabenchi chifukwa cha mawu amenewa! Akamve a Jestina, akamve a Lejiyo onse, ine ndine Chiphaliwali, ndipo ndikang'anima..."

Kuwala kunangoti ng'ani m'chipinda monse.

A Gerevazio anaima chilili, gitala ikadali m'mwamba. Mkwiyo unawathera ngati madzi m'dengu, mantha n'kubwerera pamalo pake.

"Mwajambula?"

"Ndajambula."

"Nkhope yanga ili pambalambanda, popanda magalasi, popanda chipewa?"

"Makutu onse awiri akuoneka. Chituluka bwino kwambiri."

"Mwandisamutsa, a Zefaniya. Mwandipindira mphasa ndi manja anu. Jambulani china msanga, ndiweramenso."

"Filimu yathera pomwepo."

"Ndiye chikatuluka muching'ambe."

"Chithunzi chabwino sinding'amba." A Zefaniya anavundikira kamera ndi kansalu kake, kenaka anawayang'ana a Gerevazio kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati munthu wofuna kutsimikiza kuti mlendo wapitadi. "Inu mwabwera kudzafuna chithunzi chanu choti anthu asakudziweni, si choncho?"

"Ndiye mwachita zosiyana."

"Ine nkhope sindiiwala, koma munthu anaima apa posachedwapa, mutu uli m'mwamba, akukalipa, sindinamuonepo ku Kasina konse. Kaseti imeneyo mukawapatse apongozi anu pamanja. Akufunsani okha kuti mwamuna ameneyu ngwa kuti."