Kathabwa ka Bambo Mwakatobe pa Chipata cha M'bindikiro

Ku nyumba ya m'bindikiro ya abulazala, kumapiri a ku Njombe kuja, mwambo wake tonse timaudziwa: usanalowe umasiya m'dengu la pachipata chinthu chimene chakumanga mtima, ukachitenge Lamulungu potuluka. Ine ndi bondo langali ndinatsika basi mochedwa, ndiye ndinapezeka kumapeto kwa mzere, kumbuyo kwa Bambo Mwakatobe, amene ankayenda chowongoka ngati awamangirira mtengo kumsana.

Bambo amenewa tenisi ya patebulo inawalowa m'magazi adakali pasukulu, ndipo mpaka imvi mbuu chikho sanabwerepo nacho. Tebulo lodyera kwawo ku Tukuyu analijambula mzere woyera pakati, banja lonse n'kumadyera pamiyendo. Tsiku lobadwa mwana wawo Lusajo iwo anali ku mpikisano ku Mbeya, kumene anagonja masewero oyamba omwe. Ndiye ulendo uno amake Lusajo ananeneratu pamaso pa mphakati wonse kuti kathabwa komenyera kampira kaja kakangobwera nawo, iwo pobwerera akwera basi ya ku Iringa kwa mng'ono wawo, ukwati wathera pomwepo. Bambowo analumbira kolona ili m'manja kuti akasiya kunyumba.

Amayiwo anali atalowa kale ndi anzawo. Pachipata panali Bulazala Fulujensi, munthu woti ukamuuza kuti dikira pano, ukamupeza pomwepo chaka chamawa.

"Takulandirani, bambo. Chakumangani mtima n'chiyani?"

"Foni iyi," anatero a Mwakatobe, n'kuiponya m'dengu.

Bulazala anaitola n'kuwabwezera. Akuti wokonda foni amaiika pang'onopang'ono, n'kumaicheukira akuchoka, pamene iwo angoiponya ngati khoko la nthochi.

"Ndiye wotchi."

"Yaima."

"Ndimaikonda ili chiimire."

"Mwayamba mwaifuna kudzanja lolakwika, bambo."

A Mwakatobe anawerama kuti afunefune china m'chikwama. M'thumba la jekete munatuluka kampira koyera, tapu, tapu, tapu, mpaka pa nsapato ya Bulazala. Ine ndinangogwira pakamwa.

"Dzira," anatero bambowo msangamsanga.

"Ladumpha."

"N'lophika kwambiri."

"Ndiye dyeranitu pompano," anatero Bulazala, n'kuwapatsa ndi manja awiri. "M'katimu lero tikusala."

Anakayang'ana kampirako, n'kuyang'ana Bulazala, amene anali kudikira ndi mtima wonse kuti munthu adye. Ananena kuti alibe njala. Bulazala anati n'zomveka, kenako anafunsa chimene chinali kumsana kwawo, poti powerama paja jekete inakwera.

"Ndi msana."

"Uli ndi chogwirira."

"Adokotala anandimanga thabwa."

"Lomata labala wofiira?"

"Madokotala a masiku ano."

Bulazala anamva chisoni chenicheni. Anati munthu wothyoka msana sangagone pa bedi la kuno, ayitane galimoto iwatengere kuchipatala tsopano lomwe, ndipo anayambadi kukodola woyendetsa basi. Apo m'pamene a Mwakatobe anasolola kathabwa kaja m'buluku. Chogwirira chake chinali bii ndi thukuta la zaka ndi zaka, chokulungidwa ndi kansalu kong'amba ku chitenje cha mkazi wawo. Anakapukuta ndi mkono wa malaya mwachikondi, ndipo ine zinandinyansa, chifukwa amake Lusajo ndimawadziwa kuyambira utsikana ndipo sindinaonepo akuwagwira motero.

"Chabwino, kapezeka," anatero monong'ona. "Koma tiyeni tikambe ngati amuna, abulazala. Ndinamva kuti m'holo mwanumo muli tebulo limene anasiya abulazala achijeremani akale aja."

"Lilipo."

"Lobiriwira? La mzere woyera?"

"Mzere sindikudziwa. Pali nyemba."

"Nyemba?"

"Timayanikapo. N'losalala bwino, sizigwa."

Bambo aja anagwira mutu. Anafunsa za ukonde wake, Bulazala anati uli bwinobwino kudimba, umatchinga nkhuku pa mbande za kabichi. Mukanawamva a Mwakatobe mmene analalikira! Akuti tchimo lenileni m'nyumba muno ndi limeneli, akuti iwo sanabwere mwangozi, Mulungu wawatuma kudzapulumutsa tebulo. Bulazala anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti nyemba ziuma mwezi wamawa, kenako n'kuwasendezera dengu.

"Ikani, bambo."

"Aka? Aka sindikakonda."

"Mwakakumbatira."

"Kukuzizira."

"Nanga chimene mumakonda kuposa zonse n'chiyani?"

Apa a Mwakatobe anaona mpata. Anakweza mawu, nkhope ataloza ku nyumba ya amayi kuti mwina amveke.

"Mkazi wanga! Amake Lusajo! Amenewo ndi amene anandimanga mtima, usana ndi usiku."

"Zikomo," anatero Bulazala. "Ndiye asiyeni amenewo."

"Eya. Mwamva bwino. Kawaitaneni adzakhale pachipata pano mpaka Lamulungu, ine ndilowe ndi kathabwa kanga, poti aka n'kachabe."

Ndinalephera kupirira. Ndinawafunsa ngati alibe manyazi kusinthanitsa mayi wa ana awo ndi chidutswa cha thabwa. Anandiyankha kuti mwambo sanaupange ndi iwo, ndipo ndisalowerere nkhani za uzimu wa anthu ena. Nkhope inali waliwali, ngati munthu amene wawina koyamba m'moyo mwake.

Bulazala anaoneka kuti akuganizadi mozama.

"Sizitheka, bambo."

"Chifukwa? Mwanena nokha."

"Amayiwo analowa kale mwadongosolo. Chawo anasiya."

"Anasiya chiyani? Singano zolukira zija?"

"Ayi. Anati chawo chikubwera m'mbuyo, chavala jekete ya mtundu wa khofi, chili ndi thabwa m'buluku."

A Mwakatobe anadziyang'ana jekete, kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene sakudziwa ngati akumutamanda kapena akumutukwana.

"Anadziwa za kathabwa?"

"Anati mwakhala chowongoka m'basi kuyambira ku Tukuyu."

"Komabe mwamva? Ndine amene amandikonda kuposa zonse."

"Za kukonda sananene. Ine ndinafunsa chimene chawamanga mtima, chimene chimawalepheretsa kupemphera. Sanachedwe n'kuyankha komwe."

"Ndiye mukufuna kundiika m'dengu?"

"Simukwanamo. Zazikulu timasunga m'kachipinda aka."

Anatsegula kachitseko kapambali. Munali benchi, bulangeti lopinda, ndi mashelefu mpaka kudenga. Bulazala anawatsimikizira kuti tiyi ndi nthochi zophika azilandira nthawi yake, poti katundu wa alendo amamusamala kwambiri, palibe chinaonongekapo m'manja mwake.

Nthawi yomweyo belu linalira, kusonyeza kuti m'katimo kuyankhula kwatha mpaka Lamulungu. Kuseka konse kunawathera a Mwakatobe. Ndinaona mantha enieni pankhope pawo, ndipo ndisaname, chisoni chinandigwira pang'ono, koma pang'ono pokha. Anaponya kathabwa kaja m'dengu, kampira pamwamba pake, mwachangu ngati kakuwatentha.

"Ndasiya. Ndi ako. Nditsegulireni ndikawaone."

Bulazala anakatola n'kuwabwezera.

"Katundu sasiya katundu, bambo. Amasiya ndi alendo."

"Ndiye kawauzeni kuti ndakasiya."

"Belu lalira."

"Alembereni."

"Kuwerenga za kunja n'koletsedwa."

A Mwakatobe anatembenukira kwa ine kuti ndikawanong'oneze amake Lusajo. Ine ndinaika foni yanga m'dengu, ndinaicheukira kawiri monga munthu, n'kuloza pakamwa panga kuti belu lalira. Pa m'bindikiro uliwonse kukhala chete kumandivuta, koma tsiku limenelo kunandikomera.

A Mwakatobe anakhala pabenchi paja, kathabwa kali pamiyendo, wosewera nawo palibe, tebulo lili ndi nyemba. Anakweza maso n'kuyang'ana mashelefu: wailesi zafumbi, gitala wopanda zingwe, kaliwo wa fodya, nsapato za mpira zouma gwa.

"Koma Lamulungu adzabwera kudzanditenga eti?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Ambiri amabwera."

"Nanga zonsezi n'za ndani?"

Bulazala anapukuta fumbi pa wailesi imodzi ndi chala, n'kuibwezera pamalo pake mosamala.

"Izi n'za amene atakhala chete masiku angapo, anapeza kuti akugona bwino popanda izo."