A Paudala ndi Galimoto Yachikasu

Abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi anansi nonse. M'chaka cha 1993 eni galaja ya pamphambano anawanamizira achimwene anga amene tikuwaika lerowa kuti anapha injini ya galimoto ya munthu, ndipo anawachotsa ntchito. Amene anapha injiniyo anali mwana wa eni galajawo. A m'banja anandipempha kuti nkhani imeneyi ndiidumphe. Ndaiika poyamba penipeni kuti wina asandiuze kuti nthawi yatha ndisanaifike.

Malemu, amene ambiri munkawadziwa kuti a Paudala, anabadwa m'chaka cha 1950 m'nyumba ya chipinda chimodzi, kuseri kwa shopu yokonzera njinga kumene bambo athu ankagwira ntchito. Anali oyamba kubadwa, ine ndine wowapondera pamutu. Sukulu analekezera Sitandade 5. Mutu unalipo, koma akamva galimoto ikulira molakwika mumsewu ankasiya bolodi n'kusuzumira pawindo, mpaka aphunzitsi anatopa nawo.

Ku galaja ya pamphambano analowa ndevu zisanamere. Ine ndinawatsatira pambuyo pake, kukamata matayala. Dzina la Paudala linachokera ku kagwiridwe kawo ka ntchito. Galimoto ikabwera ikudontha oyilo, iwo sankathamangira kumasula. Ankatsuka injini yonse mpaka iyere, kuiumitsa, kenako kuiwaza paudala wa makanda. Akailiza pang'ono, oyilo ankajambula mzere wakuda pa paudalayo, iwo n'kumangoutsata ndi chala mpaka pamene wayambira.

Paudala yemweyo anatsala pang'ono kuwamanitsa banja. Alamu anga akhala apawa ankagulitsa m'sitolo ya mankhwala, ndipo poona mwamuna wogula paudala wa makanda mwezi ndi mwezi akuwafunsira, ankangoyankha kuti, "Bambo inu mulibe manyazi? Pitani mukalere ana anu." Anachita kuwatengera kugalaja kuti akaone okha ana odzola paudalawo. Ukwati unamangidwa m'tchalitchi mu 1976, ndipo sindinamvepo kuti alamu apakira katundu.

Galimoto imene inabweretsa mlandu inali yachikasu, ya mipando iwiri, yaifupi ngati ikukwawa, ya mtundu wothamanga uja. Mwini wake anali dokotala wa mano. Injini inkatsokomola, ikaima inkanjenjemera, ndipo pamene yagona pankatsala banga la oyilo. Ku magalaja ena anali atasintha mapulagi, aja oyatsa moto mu injini, koma chifuwacho chinkabwereranso. Achimwene anazula nthambo za mapulagi imodziimodzi injini ikulira, khutu lili tcheru, mpaka anafika pa nthambo imene ataizula kaliridwe sikanasinthe. Pulagi ya pamenepo inali itamira mu oyilo wodontha kuchokera pa gasiketi, kamphira kotseka mpata pa chivindikiro cha pamwamba. Atakonza, injini inalira mosalala moti tonse tinasiya ntchito kudzamvetsera. Koma paudala anaonetsa mzere wina kunsi, pa paipi ya oyilo. Anakhetsa oyilo yense, kuchotsa paipiyo, n'kuitanitsa ina. Pachiwongolero anamangapo kansalu kofiira monga ankachitira nthawi zonse, ndipo aliyense pagalajapo, ngakhale mlonda, ankadziwa kuti galimoto ya kansalu kofiira sailiza.

Masana achimwene atapita kukadya, mwana wa abwana, eni galaja aja, anamasula kansaluko, kutenga kiyi pa msomali wa mu ofesi, n'kukweza chibwenzi chake. Ine ndinali pafupi ndi geti ndikumasula tayala la lole. Ndinamuona ndi maso angawa, ndinakuwa, koma anali atapita kale. Injini inauma asanafike patali. Madzulo ake abwana anaima pakati pa galaja, dokotala wa mano ali pomwepo, n'kunena kuti a Paudala anaiwala kuthira oyilo, ndipo ndiwo anauza mwanayo kuti akaiyese galimoto. Kansalu kaja sikanaonekenso. Nditanena zimene ndinaona, anati mng'ono sangalephere kuikira kumbuyo mkulu wake. Anzathu amene tinkadya nawo mbale imodzi anangoyang'ana nsapato zawo. Tonse awiri tinatuluka pageti tsiku lomwelo. Nkhani inazungulira magalaja onse, ndipo palibe amene anawalembanso ntchito.

Ndinene zoona poti ndaima pafupi ndi bokosi lawo. Iwo sanausunge mkwiyo monga ndausungira ine. Anakumba dzenje pabwalo la nyumba yawo, kuyala matabwa m'mbali, n'kuyamba kukonza galimoto pomwepo. Oyamba kubwera anali oyendetsa matakisi, amene galimoto ikafa alibe nthawi yomvera miseche. Kenako kunabwera aphunzitsi, anamwino ndi ena otero. Ankagwira ntchito akuimba, wailesi ili pa boneti, alamu akukalipa pakhomo chifukwa cha mathawulo a m'nyumba amene ankasanduka sanza zopukutira injini. Ana onse anaphunzira sukulu ndi dzenje limenelo. Ndikayambitsa nkhani ya galaja ija ankandidula, amvekere, "Iwe wamatayala, wapopa kwambiri, uphulika. Tandipatsira sipanala iyo."

Mumpingo anali a kwaya, ankaimba besi. A kwaya mukudziwa kuti wina akaphonya mawu, iwo ankatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana ngati pulagi yakufa. Galimoto ya abusa ndi jenereta ya tchalitchi zinkadalira manja awo. Lamlungu ankabwera atavala jekete loyera bwino, koma zikhadabo zinali zakuda, ndipo sankazibisa.

Anayamba kudwala shuga zaka zingapo zapitazo, kenako mtima unayamba kuvuta. Miyendo itatupa anasiya kulowa m'dzenje. Ankakhala pampando pakhonde, mwana wawo wachiwiri akuliza injini, iwo akuloza ndi ndodo pomwe pali vuto. Mwezi watha anagonekedwa m'chipatala. Adokotala atawamvera pachifuwa, iwo anawafunsa kuti ndi pulagi iti yafa, ndipo wodi yonse inaseka. Anatisiya Lachiwiri m'mawa atamaliza kumwa tiyi wawo, alamu ali pambali pawo.

Asiya akazi awo, ana asanu, aamuna atatu ndi aakazi awiri, zidzukulu khumi ndi chimodzi, mlongo wawo mmodzi, ndi ine mng'ono wawo. Achimwene aweruka. Mulungu awalandire, ndipo apumule mu mtendere.

Achimwene ali m'chipatala, alamu anatumiza uthenga kwa eni galaja aja kuti a Paudala adwalika. Sanabwere. Lero atumiza lole imene yanyamula mipando mwakhalirayi, ndipo amene waiyendetsa ndi mwana wawo uja. Mawu akuti achimwene anaiwala kuthira oyilo sanawabweze.