Bayoloje ya a Vernice Yatha Mphamvu

Lachisanu m'mawa a Vernice Pettway ndi amuna awo a Hollis ankatsitsa zitini m'kabati, kusankha zokapereka kwa osowa ku tchalitchi, pamene foni inalira pabalaza. A Vernice anakayankha, nangoti "ee" katatu, "zikomo" kamodzi, nabwerera kukhitchini akupukuta manja omwe sananyowe n'komwe.

"Ndi ku yunivesite," anatero. "Anditenga."

A Hollis anaika chitini cha nyemba patebulo. Anali dikoni, ndiponso munthu amene moyo wake wonse anagwira ntchito m'sitolo yaikulu ya m'tauni, kuyenda m'mashelefu kuchotsa zakudya zimene tsiku lake lapita.

"Mulungu ngwabwino," anatero.

"Dikirani kaye. Anditenga, koma sananditenge."

"Chiti tsopano?"

"Zonse ziwiri."

A Vernice anakhala zaka zambiri akuthandiza aphunzitsi pa sukulu ya pulayimale, kupukuta ana mamina ndi kuwamangira zingwe za nsapato. Chimene ankapempherera ndi digiri yachiwiri, yoti adzaloledwe kuthandiza ana achibwibwi ndi akuluakulu amene sitiroko inawalanda mawu. Koma munthu asanalowe, pali maphunziro oyambirira amene ayenera kukhala nawo. A Vernice anawatola limodzilimodzi akaweruka kuntchito: fizikisi, masamu a chiwerengero, kamvekedwe ka mawu, mmene mwana amayambira kulankhula. Bayoloje yokha sanaibwereze, poti anaikhoza kale ali mtsikana.

"Akuti bayoloje yanga yatha mphamvu."

"Yatha liti?"

"Hollis."

"Ndikufunsa tsiku."

"Akuti phunziro likapitirira zaka khumi saliwerengeranso. Langa lili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Akuti ndikalibwereze pa koleji yathu yomweyi m'miyezi yotenthayi, apo ayi malo anga apatsa wina. Kulembetsa akutseka lero."

A Hollis anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kuti yakhala pashelefu zaka khumi ndi zisanu zowonjezera."

"Muli ndi ine kapena muli ndi iwo?"

"Ine ndangochotsera."

"Kamtsikana kamene kamaimba fonika, kaulemu ndithu, koma kanabadwa ine nditakhoza kale bayolojeyo."

"Ndiye nakonso kapitirira zaka khumi."

"Ee. Mukakachotse pashelefu."

"Lamuloli n'la maphunziro. Atsikana a muofesi silikuwakhudza."

A Vernice anatseka maso kamphindi, monga amachitira akafuna kuti Ambuye awagwire lilime. Kenaka anatenga kansalu nayamba kupukuta kabati pamalo pomwe anali atapukuta kale.

"Sindipita."

"Ku yunivesite?"

"Ku bayoloje. Lolemba ndilowa m'galimoto ndikawauze pamaso. Kodi kholingo la munthu lasintha? Lilime lasamukira kumsana?"

A Hollis anadzigwira pakhosi, nameza malovu, namvetsera. "Langa likadali pomwepo."

"Mwaonatu."

"Koma Lolemba adzakhala atatseka."

"Adzatsegula akandiona."

"Chitseko chake n'cha pakompyuta. Sichiona munthu."

Patebulo panali milu itatu: wa ku tchalitchi, wotsala pakhomo, ndi wotaya. A Vernice anayang'ana mulu wotaya, naona chitini chachikulu cha mapichesi. Anachitola ngati mwana amene wagwa.

"Ichi chikutani kuno?"

"Chinatha chaka chija mphepo yamkuntho inazula mtengo wa a Gaines oyandikana nafewa."

"Sichinatupe. Sichinachite dzimbiri."

"Tsiku lapita."

"Tsiku lapita, mapichesi ali momwemo."

"Atero a ku yunivesite?"

"Ndatero ine." Anachiika pa mulu wotsala pakhomo. A Hollis anadikira kuti atembenuke, nachibwezera kotaya. A Vernice, osacheuka, anatambasula dzanja nachibweza.

"Bayolojeyo ndinakhoza chaka chomwe tinakwatirana," anatero. "Ndiye ukwatiwonso mukauponye m'bini."

A Hollis anaganiza, chala chawo chikugunda patebulo pang'onopang'ono. Kugunda kumeneku anawaphunzitsa ndi a Vernice omwewo akali pachibwenzi, masiku amene chibwibwi chinkawatsekera mawu pakhosi mpaka anthu kumawamalizira ziganizo. A Vernice okha ndiwo ankadikira. Tsopano chibwibwicho chinali chitaiwala njira ya pakhomo pawo.

"Ukwati uli nalo tsiku lake," anatero. "Abusa anati kufikira imfa."

"A Dikoni, ndikungofanizira."

"Pa bayoloje ananena kuti kufikira imfa?"

"Sananene."

"Vuto lagona pamenepo."

"Nanga kupalasa njinga? Munthu akaphunzira amabwereza?"

"Munakwera ya mwana wathu Tasha chaka chatha. Mpanda ndinakonza ine."

"Njingayo inalibe mabuleki."

"Inali nawo. Simunawafunse."

A Vernice anaika kansalu pansi. "Chabwino. Ndifunseni chilichonse. Chilichonse cha m'thupi la munthu. Muone ngati chatha."

A Hollis anakhosomola, naima chilili ngati akutsogolera pemphero la m'kati mwa sabata.

"Mtima uli ndi zipinda zingati?"

"Zinayi."

"Pamenepo sindikudziwa, koma mwayankha msanga. Kapamba amagwira ntchito yanji?"

A Vernice anatsegula pakamwa. Anatsekanso.

"Amagwira ntchito yake," anatero.

"Iti?"

"Kapamba salankhula, Hollis. Palibe amene adzabwere kwa ine kudzati kapamba wake akuchita chibwibwi."

"Mwina pamenepo ndiye pachita dzimbiri pang'ono."

"Palibe pachita dzimbiri."

"N'pang'ono. M'mphepete."

A Vernice anakokera mpando nakhala, chitini cha mapichesi chili pamiyendo. Kunja galu wa a Gaines ankauwa galimoto ya zinyalala, monga amachitira Lachisanu lililonse popanda kuigonjetsa.

"Mukudziwa amene akakhale m'kalasi imeneyo? Mapasa a Tillman. Aja. Ndinawaphunzitsa kumanga nsapato ine. Wina anandikodzera pamwendo ali giredi yoyamba, sindinauze munthu mpaka lero. Ndiye ndikakhale nawo benchi limodzi, ndizikati, pepani ana anga, tili tsamba liti?"

"Tsambalo ndizikupindirani dzulo lake."

"Sindikunena za tsamba."

"Ndilembetse nanu?"

"Inu mukatani ku bayoloje?"

"Ndizikakhala pakati pa inu ndi mapasawo."

A Vernice anayang'ana chivundikiro cha chitini, pomwe panali manambala ang'onoang'ono ofufutika.

"Akamati bayoloje yatha," anatero motsitsa mawu, "akunena ine. Mayi wa imvi, maondo akulira pamasitepe. Angochita ulemu kunamizira phunziro."

A Hollis anatulutsa magalasi m'thumba la malaya, nawapukuta, nawavala. Anazungulira kumbuyo kwa mpando, nakweza kolala ya diresi ya akazi awo, nayang'anitsitsa kumbuyo kwa khosi. Kenaka kuseri kwa khutu lamanja, kenaka lamanzere.

"Mukutani?"

"Nthawi zambiri amalemba pachivundikiro kapena pansi."

"Tasiyani."

"Kumtunda kuno sanalembe kanthu. Takwezani phazi."

"Hollis Pettway, ndikugendani ndi nyemba."

"Zimenezo n'za ku tchalitchi."

A Vernice anaimirira. Mkazi wina akanangolowa kuchipinda n'kukalira, koma iwo si a mtundu umenewo. Anatsegula dirowa, natulutsa chotsegulira zitini ndi supuni, naziika patebulo ngati umboni pabwalo la milandu.

"Chitinichi chiweruze. Mapichesiwa akapezeka abwino, ndiye kuti tsiku n'labodza, ndipo Lolemba ndikupita kukakangana. Akapezeka owonongeka, ndikukalembetsa pompano."

"Nanga akapezeka apakatikati?"

"Pichesi sakhala wapakatikati."

"Alawe ndani?"

"Inu."

A Hollis anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda firiji. "Ine sindinadyepo chinthu chopitirira tsiku."

"N'chifukwa chake. Ndikalawa ine mudzati ndi makani. Inu simunama. Tauni yonse ikudziwa. Munauza abusa pamaso pa alendo kuti ulaliki unatalika."

"Anandifunsa."

"Anafunsa mpingo wonse. Anthu ena onse anati amen."

"Funso silinali loyankha amen."

"Tsegulani."

Anatsegula. Chotseguliracho chinazungulira, chivundikiro chinakwera, ndipo fungo lotsekemera linadzaza khitchini yonse. Mapichesi anali gwa m'madzi awo, achikasu, owala, ngati anawathyola dzulo. A Vernice anapinda manja pachifuwa. M'mtima anali atayamba kale kusankha diresi yovala Lolemba. Koma chapansipansi ndithu ankadziwanso kuti akawina apa, malo aja apita.

A Hollis anavula kapu kumutu.

"Tipemphere kaye."

"Pa pichesi mmodzi?"

"Makamaka ameneyu."

Anapemphera chamumtima, milomo yokha ikuyenda, ndipo pempherolo linatalika kuposa ulaliki uja. Atatha anatunga chidutswa chimodzi, nachiyang'ana mbali zonse, nachinunkhiza, nachiika m'kamwa. Anatafuna. Anasiya. Anatafunanso. Anayang'ana kudenga, kenaka kwa akazi awo, kenaka ku chitseko cha pabalaza kumene kunali kompyuta.

"Eti?" anatero a Vernice.

"A-a-a..." Chala sichinagunde patebulo. Manja onse awiri anali atagwira chitini. "A-awonongeka."

A Vernice anawayang'ana. Khutu lawo linali la ntchito imeneyi kale, digiri isanabwere, ndipo mlendo amene anangolowa m'khitchinimo, chibwibwi chija, anamuzindikira.

"Awonongeka bwanji?"

"K-kwambiri."

"Akuwawa? Akununkha?"

"Zonse ziwiri."

"Patseni ndilawe."

A Hollis anakokera chitini pachifuwa. "Mungadwale. Muli ndi sukulu."

Supuni inali pafupi. A Vernice akanatha kuitsomphola, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Anayang'ana thukuta limene linatuluka pamphumi pa amuna awo, munthu amene sanathe kunamiza ngakhale abusa pa Lamlungu la alendo. Anayang'ananso kapu imene inali itagwa pansi, mwini wake osaona. Anawerama, naitola, naisasa, naiika patebulo.

"Pangano ndi pangano," anatero, akumasula epuloni. "Mukatayire kunja. Mukwirire, galu wa a Gaines angafe."

"Ndikwirira."

"Kapambayonso ndikamufunse bwino zimene amachita."

"Mudzandiuzeko."

Analowa pabalaza, nayatsa kompyuta, nayamba kulemba dzina lawo ndi zala ziwiri. Malo anali akadalipo. Chitseko chakuseri, chopita kunja, sanachimve chikutseguka. Chimene anamva ndi supuni ikugunda m'chitini, kamodzi, kawiri, kenaka ikukokota pansi penipeni. Kenaka kunamveka munthu akumwa madzi otsalira mosafulumira. Kenaka zii.

A Vernice anaika chala pa batani lomaliza, koma sanadine msanga. Kukhitchini chala china chinayamba kugunda patebulo pang'onopang'ono, ndipo mawu anatuluka osapunthwa ndi pamodzi pomwe.

"Ambuye, mwaona nokha. Ndikhululukireni bodza lija. Mundikhululukirenso zitini zonse ndakhala ndikutaya moyo wanga wonse, ngati zinali zokoma chonchi."