Dzina Limene Ndinafufuta pa Ukwati wa Elina

Moni nonse abale ndi alongo amene muwerenge mawu awa. Ine ndine Simeoni wa kwa Mwambo, kufupi ndi doko la Kachulu. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsala pang'ono kupasula ukwati wa mwana wa mlongo wanga chifukwa cha masheleni khumi, ndiponso mmene Mulungu anandichotsera manyazi kudzera mwa munthu amene ine ndinamutsekera khomo.

Zinachitika m'zaka za m'ma 1950, tikugwirabe mapaundi ndi masheleni. Mlongo wanga Marita anamwalira n'kundisiyira mwana mmodzi, Elina. Ali pafupi kutsirizika anandigwira dzanja n'kundipempha kuti mwanayo adzakwatiwe pa tchalitchi, asadzangolowana ndi mwamuna. Ndinalonjeza. Elina atakula anafunsiridwa ndi Wilisoni, amene ankagwira ntchito ku Halale. Iyeyu anabwera pa tchuthi chachifupi, ndipo ukwati unayenera kuchitika asanakwere sitima. Kupanda apo Elina akanadikira zaka, ndipo tonse tinkadziwa kuti ena akapita ku Halale amatchona.

Ankhoswe atakumana tinagawana katundu. Ife a kuchikazi tinatenga mpunga, thobwa ndi nkhuni. A kuchimuna anatenga deresi ndi mphete, n'kuwonjezera paundi imodzi ndi masheleni khumi zogulira ndiwo. Ndalamazo anandipatsa ine monga malume, komanso chifukwa ndinkadziwa kulemba. Koma vuto langa ndi loti ndine munthu wowerengera. Akazi anga amati ndikhoza kuwerenga matemba ali mumphika.

Ndinatenga kope ndi pensulo n'kulemba zonse: madebe a mpunga, chimera, mchere, shuga, ndi mayina a oitanidwa. Kwathu tinkakhala moyandikana ndi Achawa achisilamu, ndipo mwambo unali woti pa maliro kapena pa ukwati timapha mbuzi, wozinga n'kukhala Msilamu kuti aliyense adye momasuka. Wozingayo ankapatsidwa khosi. Amene ankatizingira kuyambira kale anali Che Ajasi, bambo wachikulire wogulitsa matemba. Nditawerengera ndinaona kuti mbuzi ziwiri zimaliza ndalama zonse, pamene nkhumba yaikulu kwa Kuntumanji inali paundi imodzi yokha. Nyama ichuluka, Asilamu sabwera, pakamwa pachepa, ngakhale khosi likhala lathu. Ndinanyowetsa pensulo ndi malovu n'kufufuta dzina la Che Ajasi ndi onse a kwawo.

Akazi anga anandichenjeza kuti, "Bambo, mukapha nkhumba ndiye kuti mwawauza Che Ajasi kuti asaponde pano."

Ndinawayankha kuti ukwati ndi wa mpingo, si wa mudzi. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Nkhumba ndinagula, ndipo masheleni khumi otsalawo ndinawonjezera pa msonkho wanga osauza munthu. Mumtima ndinkati ndachita bwino kwambiri.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi, nkhumba inakana madeya. Mawa lake makutu anada, thupi linafiira, ndipo pofika masana inali itauma. Chinali chigodola, ndipo chinasesa makola onse a m'dera lathu. Tinaikwirira kuseri kwa nthochi. Ndikuponya dothi ndinkaona ngati ndikukwirira ukwati wa Elina ndi lonjezo langa kwa Marita m'dzenje limodzi.

Abale, masiku otsatirawo sindifuna ngakhale mdani wanga adzawaone. Ukwati unali utalengezedwa kale kawiri m'tchalitchi. Ndinakwera bwato kupita ku chilumba cha Chisi kwa msuweni wanga kukapempha thandizo, koma ndinabwerako chimanjamanja. Ndinayesa kukoka khoka, mphepo inakana, matemba ake osakwana ngakhale banja langa. Kugulitsa mpunga kukanatanthauza ukwati wa ndiwo wopanda chodyera. Nkhoswe wa kuchimuna anatumiza uthenga woti abwera Lachitatu kudzaona ndiwo, kapena ndimuonetse ndalama zotsala. Ndinkadziwa kuti akamva za msonkho anena kuti banja lathu ndi la akuba, ndipo mwana wawo amubweza ku Halale yekha.

Elina sanandinene. Bwenzi atanditukwana, mwina ndikanapepukidwa. Ankangosinja chimera mwakachetechete misozi ikugwera mumtondo, ndipo anasiya kudya. Ine ndinafika poganiza zowoloka nyanja kupita kwa Apwitikizi kumene makolo athu anachokera, kuti ndisadzaonekenso. Ndinachita mantha, ndinachita manyazi, ndipo ndinadzida.

Lolemba masana ndinalowa m'tchalitchi mulibe munthu, kope lija lili m'manja. Ndinagwada, koma pemphero silinatuluke msanga. Pomaliza ndinati, Ambuye, ndadya ndalama za mwana wamasiye, ndipo ndathamangitsa anansi anga chifukwa cha khosi la mbuzi. Musamulange Elina chifukwa cha ine. Nditafika kunyumba ndinaulula za msonkho kwa akazi anga ndi kwa Elina. Palibe chimene chinasintha tsiku limenelo. Khola linali lopanda kanthu monga linalili.

Lachiwiri m'mawa ndinamva mbuzi zikulira panja. Nditatuluka ndinaona Che Ajasi ataima pansi pa mtengo wa mango, chingwe chili m'manja, mbuzi ziwiri zikuwakoka uku ndi uku. Nkhani anali atazimva kwa amayi a pa chitsime, zonse, ngakhale za kufufutidwa kwa dzina lawo. Ndinayala mphasa koma anakana kukhala.

"Achimwene," anatero, "manda a mayi ake a mwanayu tinakumba limodzi. Pa maliro munatiitana. Nanga pa chimwemwe ndiye mwati tionere patali?"

Ndinangoti ndilibe ngakhale kobiri lowapatsa.

"Ndani watchula kobiri? Imodziyi ndapereka ulere chifukwa cha malemu Marita. Inayi mudzandipatsa mpunga mukakolola, mulembe m'kope lanulo poti inu ndi alembi. Koma kuzinga ndizinga ine, mpeni ndanola kale."

Ndinalira pamaso pa akazi anga ndi ana, ine mwamuna wandevu. Lachitatu nkhoswe wa kuchimuna atabwera ndinamuuza zoona zonse, mbuzi zili pa chikhomo pambali pathu. Anandidzudzula kwambiri ndipo ndinayenera kudzudzulidwa, koma ukwati sanauletse. Masheleni khumi aja ndinabweza kwa Elina ndi mwamuna wake nditakolola, pamodzi ndi mpunga wa Che Ajasi.

Loweruka Elina analowa m'tchalitchi ndi deresi yoyera. Kunyumba Akhristu ndi Asilamu anadya mbale imodzi, ndipo mpunga umene ndinkaopa kuti uchepa unatsalako. Khosi la mbuzi ndinanyamula ndekha, manja onse awiri, n'kukagwada nalo pamaso pa Che Ajasi.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandibwezere monga mwa kuwerengera kwanga. Inu amene mukukonza ukwati ndi ndalama zochepa, kapena mwagwa m'dzenje lokumba nokha ngati ine, musathawe ndipo musaleke kupemphera. Ululani, pirirani, thandizo limadza ngakhale kuchokera kumene inu mwatseka. Werengerani mpunga, werengerani mchere, koma anthu musamawachotsere. Kope lija ndikadali nalo, ndipo pamwamba pa mzere wofufuta uja ndinalembanso dzina la Che Ajasi, ulendo uno ndi inki. Ambuye akusungeni nonse.