Switchi ili kuchipinda kwa alandilodi

Pasiteji ya basi, mayi wina anakhala pabenchi atafungatira kabokosi ka timagetsi ta sola, tija tondondozana pachingwe. Bambo amene anakhala pambali pake anayang'anitsitsa chithunzi cha pabokosipo.

"Mayi, kuli ukwati kunyumbako?"

"Ukwati wa ndani? Ndikukapachika kuseri, kuyambira pakhomo panga mpaka kuchimbudzi."

"Timenetitu n'tokongoletsera kapinga wa anthu olemera. Kuchimbudzi? Anthu akusekani."

"Aseke. Alandilodi athu anagulula babu la panja, ati ife ochita lendi timawathera mayunitsi. Switchi nayonso anaisamutsira kuchipinda kwawo. Lachiwiri lapitali amayi anga, amene saona bwino, anapunthwa pasitepe n'kuthyoka mkono."

"Pepani kwambiri. Komatu eni nyumba ena salola ngakhale msomali pakhoma lawo."

"Msomali sindikhoma. Ndikulungiza pachingwe changa choyanikapo zovala. Kasolako ndizika m'chidebe changa cha tomato. Chawo n'chiyani pamenepo?"

"Nanga akakuuzani kuti muchotse?"

"Ndikawabwerekera makwerero. Akwere akagulule dzuwalo, akalisunge kuchipinda kwawo limodzi ndi switchi ija."