Bambo Virgil Tackett, Amene Anakanizidwa Kulera Mdzukulu Wawo

Malemu Bambo Virgil Odell Tackett anabadwa mu 1951 kuno ku Harlow Ferry, oyamba m'banja la ana atatu. Sukulu anailekeza ali ndi zaka 16 n'kuyamba ntchito yowotcherera zitsulo za mabwato onyamula malasha, yomwe anaigwira zaka 41. Mu 1974 anakwatira Mayi Glenda, amene anatisiya mu 2012. Anali dikoni pampingo wathu wa Baptist, ndipo denga la tchalitchichi anakhoma ndi iwo.

Mu 2019 mwana wawo Loretta anamwalira pangozi ya galimoto kutsidya kwa mtsinje, kumene ankakhala, n'kusiya mtsikana wa zaka zisanu, Junie. Tsidyalo ndi chigawo china, cha malamulo akeake. Malemu atapita kukatenga mdzukulu wawo, anapeza a ofesi yoona za ana atamupereka kale kwa anthu achilendo. Anauzidwa kuti mwana amene ali m'manja mwa boma sawoloka malire mpaka maofesi a zigawo zonse ziwiri atasainirana.

Anachita chilichonse chimene analamulidwa. Anadinda zala ngati wakuba. Anakhala m'kalasi kuphunzitsidwa kulera, munthu woti analera kale atatu. Woyendera nyumba atanyoza masitepe, anawagwetsa n'kumanga ena. Pepala likavomerezedwa kuno linkakagona kutsidya mpaka masiku ake kutha, ndipo pomaliyambiranso, wogwira nkhaniyo amakhala atasintha. Anasinthana asanu. Wachinayi anachita kufunsa malemu dzina la mwanayo.

Loweruka lililonse ankaonana ndi Junie ola limodzi m'kachipinda ka ofesi, wina atakhala pakona n'kumalemba. Mwanayo atafunsa tsiku lina kuti bwanji sakumutenga, anangoti, "Chipinda chako ndinapenta kale, mwanawe. Kungoti akuluakuluwa amawerenga pang'onopang'ono."

Chaka chatha anapezeka ndi khansa ya m'mapapo. Sanauze ofesi, podziwa chimene chikanatsatira. Koma wina wa m'banja mwathu momwemuno anaimba foni kukawanenera ku ofesiko, ati pochitira mwanayo chifundo. Ali pakati pathu, wavala zakuda. Nkhuku imene waphika ili kuholo, ndipo palibe waikhudza. Dzina sititchula, akudzidziwa.

Patangotha milungu iwiri pempho la malemu lotenga Junie linatsekedwa. Sanasiye kupita Loweruka, ngakhale pamene ankayenda ndi botolo la mpweya. Anamwalira Lachiwiri pa 4 Malichi m'nyumba mwawo, ali ndi zaka 73.

Asiya ana awiri, Wade ndi Tammy. Mlongo wawo Bonita. Mng'ono wawo Doyle, amene akuwerenga mbiriyi. Ndi adzukulu asanu ndi mmodzi. Asanu ali pano. Za Junie tinapempha ku ofesi ija Lachitatu kuti aloledwe kudzaika agogo ake. Atiyankha mwaulemu kuti pempholo liunikidwa pasanathe masiku makumi atatu.

Apumule mu mtendere, poti kumene apitako sakafunsidwanso pepala.