Levántate, Bambo!

M'mawa wa tsiku la intavyu ku hotela ina, kumene ankafuna munthu wodziwako Chisipanishi, ndinadziponya pa sofa yathu yotha masipuling'i, msana n'kungoti gwa! Mkazi wanga, osadziwa kanthu, anabwera ndi buku kuti andiyese komaliza.

"Levántate," anawerenga.

"Ndiye kuti dzuka, kapena imirira," ndinayankha monyada, thukuta lili kamukamu.

"Ndiye imirirani."

"Ndayankha kale, mayi. Pitani pa mawu ena."

"Iyayi. Buku likuti wophunzira achite zimene wamva. Levántate."

"Mawu amenewo amachokera ku levantarse. Munthu akamadzuka m'mawa amati me levanto."

"Mukuti me levanto muli chikhalire? Bodzatu limenelo."

"Ndi chitsanzo chabe!"

"Chitsanzo chake ndi ichi." Anakhala pampando, n'kuimirira. Anakhalanso, n'kuimiriranso. "Mwaona? Ine amene sindinapondeko m'kalasi mwanumo."

Ndinayesa kusuntha mwendo mwakabisira. Mayo ine! Ululu unafika mpaka m'mano. Koma mwamuna amene dzulo lomweli analumbira kuti sofa imeneyi ilibe vuto, n'kubweza kalipentala pakhomo, angaulule bwanji?

"Ndikuganizira kaye katchulidwe kake," ndinatero.

"Nthawi ili kuma naini, basi ikusiyani." Anasuzumiranso m'buku. "Ooh, kapena mwakwiya poti levántate amauza mwana? A ulemu ake alipo. Levántese, bambo."

"Sindinakwiye!"

"Ndiye kuti simukumva. LEVÁNTESE!"

Agalu a aneba anayamba kuuwa.

"Tamverani, mayi. Ku hotelako palibe akandiuze kuti ndiimirire. Ineyo ndiye ndizikadzutsa alendo."

"Muzikawadzutsa maondo ali kukhosi chonchi?"

"Ndimaganiza bwino ndikakhala motere."

"Aa, chabwino. Ndikubweretsereni pilo?"

Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana nsapato zanga zopolisha zikundidikira pakhomo. Miyezi isanu ndi umodzi ndili pa ulova, ntchito indidutse chifukwa cha sofa? Manyazi onse anathera pompo.

"Mayi, msana wagwira. Sindingathe kudzuka. Chonde, ndithandizeni."

Anandiyang'ana mwachisoni, n'kunyowetsa chala, n'kuyamba kutembenuza masamba limodzilimodzi.

"Mukufunanso chiyani m'bukumo? Ndikokeni mkono!"

"Pepani, bambo. 'Ndithandizeni' ali patsamba 40. Ife tikadali patsamba 3."